Mnthengu ndi Mazira a Akuluakulu

Padangotero, kale mbalame zisanadziwe legeni, Mnthengu ndi chinjira wake Nankhwali ankasamba fumbi masana ena uku akukangana za chiwala.

"Iwe wandibera," anatero Nankhwali. "Unakuwa kuti kabawi, ine n'kuthawa, pobwera chiwala changa palibe."

"Kabawi analipo, chinjira."

"Ali kuti?"

"Wapita. Anachita manyazi ataona kathamangidwe kako."

Nankhwali anaseka mpaka fumbi linamulowa m'mphuno. Mnthengu anali wotero: mkazi wakuda bii, wochepa thupi, wodziwa kuyerekeza mawu a mbalame iliyonse, ndipo zambiri zimene ankadya zinali za eni ake. Onse ankamudandaula. Nankhwali yekha ndiye ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaberedwanso.

Atatha kuseka, Nankhwali anagwira m'chiuno.

"Dzira ili likundikoka mwachilendo," anatero. "Tiye undiperekeze kwa a Kakowa."

A Kakowa anali mzamba wa mbalame zonse. Atamupapasa, anati dzira lagona chopingasa, ndipo silituluka. Chithandizo chake chinali chimodzi, chodziwika kuyambira makolo: mzamba alowetse mlomo wake wautali, aliswe dziralo m'kati, mayi apulumuke. Koma chaka chimenecho bwalo la mbalame linali litalamula kuti mzamba asaswenso dzira asanamve mawu a bwalo.

M'bwalomo munali amuna anayi. Wapampando anali a Nang'omba, a mawu ngati ng'oma. Panali a Khwangwala, mkulu wa mpingo, amene sankavula kolala yawo yoyera ngakhale posamba. Panali a Tambala, mkulu wa asilikali. Wachinayi anali a Nkhwali, mwamuna wa Nankhwali, munthu wofatsa amene anamuikamo kuti azivomera. Pakuti mwambo wa bwalo unali wakuti mawu sakhala mawu popanda wonena ndi wovomera. Akazi ankamvera ali kunja. Wonyamula dzira ndiye sankaloledwa n'komwe kulankhula, ati mutu wake sukhala m'malo.

Bwalo linakhala. A Tambala anati dzira lililonse likhoza kukhala msilikali. A Khwangwala analalikira mpaka mthunzi unasuntha. A Nang'omba anati, "Dzira si la mkazi yekha. Mwini wake wina ali pompano. A Nkhwali, mukuti bwanji?"

A Nkhwali anayang'ana pansi. Anati ali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo akhala akulakalaka wina. Mwina dziralo litembenuka lokha. Mwina tidikire pang'ono.

Onse anavomera kudikira. Nankhwali anamwalira akuluakulu aja akudya chamasana.

Pamaliro Mnthengu sanalire. Anatunga madzi, anasesa, anaperekeza alendo. Kwa nthawi yaitali pambuyo pake palibe amene anabwera kudzadandaula kuti wamubera, ndipo mbalame zina zinayamba kufunsana ngati akudwala.

Mvula itagwanso, Ndaziona, mwana uja wa Nankhwali, anafika kwa Mnthengu. Anali atakwatiwa, koma mwamuna wake anali kutali kuganyu. Anakhala pansi mosamala, nagwira m'chiuno.

"Mayi," anatero, "mundiperekeze kwa a Kakowa."

Mnthengu anamuperekeza. A Kakowa anapapasa, napapasanso, nati, "Thupi la mayi ake lomwe lija. Lapingasa."

Uthenga unapita kwa a Nang'omba. Iwo anayankha kuti ali ndi alendo, bwalo likhala kumapeto kwa sabata.

"Ndaziona afika tsikulo?" anafunsa Mnthengu.

"Akachita mwayi afika," anatero a Kakowa. "Koma akamuuzanso kuti adikire, tikasesa pamanda."

"Nanga bwalo likaitanidwa, n'kulephera kugamula?"

"Nkhani imabwerera kumene inachokera. Ikhala ya ine ndi mwini thupi. Koma zimenezo sizinachitikepo, mwanawe. Amuna aja ngakhale adwale malungo amakwawa kukalankhula."

Mnthengu anapendeketsa mutu, nayang'ana a Kakowa nthawi yaitali.

"Gogo, kodi bodza mumalitha?"

"Ndakalamba ndikuuza amuna kuti mwana wafanana ndi iwo."

Tsiku lomwelo Mnthengu anapita kukatola miyala ya nsangalabwi, yosalala, yaikulu ngati dzira la njiwa. Anakazinga ngumbi, nazisinja pamodzi ndi nsinjiro, namata miyala ija mpaka uliwonse unaoneka ngati nthongo ya zonona.

Anayamba ndi a Tambala. Anawapeza akuyenda chotukula chifuwa pakati pa akazi awo.

"A Mkulu wa asilikali, ndabwera ndi mkangano. A Khwangwala akuti inu simungameze nthongo iyi osaijompha. Akuti khosi lanu n'lokuwira chabe."

"Watero Khwangwala?"

"Ine ndinawatsutsa. Ndinati mwina kale akanatha."

"Kale? Bweretsa kuno!"

Anameza. Maso anatong'oka, lipombo linagwedera, koma anameza. Dzuwa lisanapendeke anali kwa a Kakowa, akuyenda chotang'adza, akuyang'anayang'ana m'mbuyo.

A Kakowa anapapasa, nagwedeza mutu. "Bambo, mwayembekezera."

"Ine? Ndine tambala ine!"

"Ndikuona. Koma dzira ndi ili, ndipo lapingasa."

A Tambala anakhala pansi osaitanidwa. "Liswe... liswenitu msanga, mayi. Wina asanamve."

"Ndidikira mawu a bwalo."

"Langali n'losiyana! Ine ndimadzutsa dziko. Ndikafa, kucha bwanji?"

"Mukafotokoze kubwalo."

"Ndikafotokozadi!"

"Pepani, bambo," anatero Mnthengu, amene anali atatera pakhomo ngati wongodutsa. "Wa dzira salankhula pabwalo. Mutu wake sukhala m'malo."

Asanayankhe, panja panamveka nthungululu. Mnthengu anali atauza kale akazi awo onse, ndipo anabwera ndi anamkungwi kudzachita chisamba, mwambo wolangiza woyembekezera koyamba. Anawakhazika pamphasa. Anawameta nthenga za kumchira. Anawalangiza kuti asaime pakhomo, asathire mchere m'ndiwo, asakwere padenga, asakuwe m'mamawa. Kenako anayimba nyimbo ya chisamba, ija yofunsa wodya zonona kuti zakoma bwanji lero, poti lamba sakufikanso. Mmodzi ankatsogolera, ena onse n'kuyankha ndi funso lomwelo, akuwomba m'mapiko. Mkazi wamkulu wa a Tambala anavina mpaka anagwa ndi phwete.

M'mawa mwake dziko lonse linagonereza.

A Khwangwala atamva, anati zimenezi ndi chilango cha mitala, ndipo analalikira zomwezo. Analengezanso kuti iwo sadzalandira chakudya kwa Mnthengu, pakuti anamva kuti ankazungulira kwa a Tambala. Mnthengu sanawapatse kanthu. Anangowaitana kuti akapempherere Ndaziona.

Anafika ndi nkhope ya chisoni. Ndaziona anali gone, akupuma mlomo uli yasa. Pambali pake panali lichero, ndipo palicheropo nthongo imodzi yonyezimira mafuta.

"Imeneyo ndi ya wodwala," anatero Mnthengu. "Yatsala yokhayo. Sanadye chichokere dzulo."

"Ambuye amuone," anatero a Khwangwala, diso limodzi lili pa wodwala. "Tiyeni tonse titsinzine."

Onse anatsinzina. Pemphero linayamba mwamphamvu. Pakati linadukiza, panamveka kakuti gwi, ndipo linapitirira ndi mawu opyapyala. Pofika pa ameni, lichero linali mbee.

"Zodabwitsa," anatero Mnthengu. "Yakwera kumwamba."

"Zimachitika," anatero a Khwangwala, natuluka mofulumira.

Sanapite patali. Anazungulira kuseri, nagogoda pa kakhomo ka kumbuyo kwa a Kakowa.

"Mayi, ndabwera kudzafunsira mnzanga wina."

"Mnzanuyo agone apa ndimupapase."

Anagona. A Kakowa anapapasa. "Mnzanuyu wayembekezera. Lapingasa."

"Mayi Kakowa, inu ndi ine tadziwana kale. Kanthu kakang'ono ngati aka sikofunika kuvutitsa nako bwalo."

"Si inu munati dzira ndi mphatso, ndipo wolandira mphatso safunsa kulemera kwake?"

"Ndinkanena za akazi."

"Munatinso wofera padzira wafa imfa yokoma."

"Mawu aja ali ndi tanthauzo lozama. Si aliyense angawamve." Anagwira mwendo wa a Kakowa. "Mpingo usamve, mayi. Ndikupemphani."

Mpingo unali kale panja. Amayi a chigwirizano anabwera onse, atavala zoyera, ndipo iwo ndiwo analangiza: asaime pakhomo, asathire mchere, asaime nthawi yaitali pagome. Pometa anawasiyira kolala yokha. Nyimbo ija anaiyimba m'mawu anayi, mwaulemu, ngati ya m'buku, koma funso linali lomwe lija la zonona ndi lamba. A Khwangwala anakagonekedwa pamphasa imodzi ndi a Tambala, ndipo awiriwo anatembenuzirana misana.

Anatsala a Nang'omba. Mnthengu anawapeza akupuma alendo awo atapita, nagwada patali, nthongo ili m'mbale.

"A Wapampando, kamphatso. Mwatopa ndi alendo."

"Yamba walawa iwe."

"Ine ndikusala kudya, bambo."

"Chiyambire liti?"

"Lero lomwe."

A Nang'omba anatenga nthongo ija, naiika pansi, naimenya kamodzi ndi mlomo wawo waukulu. Ngumbi zinamwazika. Mwala unagubuduka n'kukaima pa phazi la Mnthengu.

"Anzanga aja ndi adyera," anatero a Nang'omba. "Ine ayi. Mwalawu ndiusunga, bwalo liuone mawa."

"Ndiye mukawatulutsa a Tambala?"

"Ndi mchira wometa? Akhale komweko, aphunzire. Ine ndinena, a Nkhwali avomera. Awiri akwana." Anamuyang'ana, ndipo mawu awo anatsika. "Ukuyesa ndine woipa, Mnthengu. Ine ndinaika ana atatu m'manda asanaone dzuwa. Dzira likasweka, palibe amene amafunsa bambo ake ngati zamupweteka. Bwaloli ndi malo okhawo amene timafunsidwa."



"Amene ali gone uja afunsidwa kuti?" anatero Mnthengu.

"Bwalo limufunsira."

Mnthengu anapita kwa a Nkhwali. Chimwalirire Nankhwali awiriwa sanalankhulane kupyola moni. Anawapeza akukonza mpanda umene sunali wowonongeka.

"Alamu, mawa musapite kubwalo."

"Ndikapanda kupita adzanditenga."

"Ndiye mukakane."

"Ine anandiikamo kuti ndizivomera, mlamu. Sindinakanepo. A Nang'omba akandiyang'ana, mawu amatuluka okha."

Mnthengu anali ndi nthongo ina pansi pa phiko. Anawayang'ana mmene anawondera, nthenga zitathothoka m'khosi, ndipo sanaitulutse. Anatsanzika.

Tsiku la bwalo Ndaziona sankathanso kutukula mutu. A Kakowa anamusiya ndi amayi awiri, nabwera kudzaima kunja kwa bwalo pamodzi ndi akazi ena, kuti mawu akangotuluka athamange nawo. M'kati munali mipando inayi, iwiri yopanda eni.

Mnthengu anayesa zimene ankadziwa. Anakuwa kuti kabawi, mbalame zing'onozing'ono n'kubalalika, koma a Nang'omba sanaphethire n'komwe, pakuti kabawi kwa iwo ndi mwana. Analira ngati mkazi wa a Nang'omba akuitana kuti nyumba yapsa. Iwo anati, "Mkazi wanga ali apoyo, Mnthengu. Khala pansi."

Anakhala pansi. Nzeru zinali zitamuthera.

A Nang'omba anaika mwala uja pakati pa bwalo. Anafotokoza chinyengo chonse, za ngumbi ndi nsinjiro, nati mlandu wa Mnthengu ubwera pambuyo. Kenako analowa m'nkhani ya Ndaziona. Analankhula bwino, mosakuwa. Anati mwamuna wa mtsikanayu ali kutali ndipo sanamve. Anati mazira ena opingasa amatembenuka okha. Anati kudikira pang'ono si kupha.

"A Nkhwali, mwanayu ndi wanu. Mwavomera?"

A Nkhwali anaimirira. Anayang'ana pansi monga mwa masiku onse, ndipo pansipo panali mwala.

"Umenewu ndi umene anameza anzathu aja?" anafunsa.

"Wonga womwewo."

Anawerama, nautola. Unalibe ngumbi, unalibe nsinjiro, unali ndi dothi lokha. Anaumeza movutika, khosi likutukuka ndi kutsika, misozi ikutuluka yokha. Atatha anatuluka m'bwalo pang'onopang'ono, nakakhala pansi pakati pa akazi.



"Ndi mwala umenewo!" anakuwa a Nang'omba. "Tonse taona!"

Mnthengu anali ataimirira kale. "Ife taona zolowa, a Wapampando. Za m'kati amadziwa ndi mzamba. Gogo, tawapapasani."

A Kakowa anapapasa kamodzi kokha. "Lapingasa," anatero.

"Zamisala! A Nkhwali, nenani nokha kuti mwameza mwala!"

"Pepani, bambo," anatero Mnthengu. "Wa dzira salankhula pabwalo."

A Nkhwali anangoyang'ana kutsogolo.

A Nang'omba ananenanso chigamulo chawo, nafunsa ngati alipo wovomera. Anafunsa kachiwiri. Anatembenukira kwa anyamata amene anali m'mitengo, koma iwo sanali a bwalo, ndipo anayamba kudzikanda m'mapiko. Anafunsa kachitatu, mawu awo a ng'oma aja akumveka okha. Mnthengu, amene akanatha kuyankha m'mawu a mbalame iliyonse padziko, anatseka mlomo wake ndi phiko.

A Kakowa anali atauluka kale.

Mayi wina anayambitsa nyimbo ija ya chisamba, poti mwambo ndi mwambo. Anafunsa funso la zonona. Oyankha anali awiri kapena atatu, motsitsa, ndipo atayang'ana amene anakhala pakati pawo anasiya. Palibe amene anabweretsa lumo.

Kunyumba kwa mzamba, a Kakowa anagwada pafupi ndi Ndaziona. "Nkhani yabwerera kuno, mwanawe. Ndikufunsa iwe. Ndichite?"

Ndaziona anatsegula maso. "Chitani, gogo."

Mnthengu anadikira panja, akuzula udzu umodziumodzi. Patapita nthawi a Kakowa anatuluka kukatsuka mlomo.

"Akufuna madzi," anatero. "Akutinso ali ndi njala."

Mnthengu anauluka. Posakhalitsa kutali kunamveka mawu okuwa kuti kabawi, kenako mawu a pumbwa wina akutukwana, ndipo Mnthengu anabwerera ndi ziwala ziwiri zonenepa.

A Tambala ndi a Khwangwala anamwetsedwa mafuta a nsatsi tsiku lomwelo. Miyala inatuluka, aliyense akuitana mayi ake. A Khwangwala analalikira za chozizwitsa, kuti dzira linasandutsidwa mwala chifukwa cha pemphero. A Tambala anakana zoti linali mwala. Ankauza aliyense kuti linali dzira lenileni, lalikulu kuposa la Khwangwala, ndipo amuna amene sanabereke asamayankhe nawo nkhani zimenezi. Bwalo litakhalanso, linathera pa mkangano umenewo, ndipo mlandu wa Mnthengu unaiwalika. A Nang'omba ankati nkhani ya mazira idzabweranso pabwalo. Akazi ankati ikabwera adzakazinga ngumbi.

Ndaziona atayamba kuyenda, Mnthengu anatenga chikho cha mafuta a nsatsi n'kupita nacho kwa a Nkhwali. Anawapeza atakhala pakhonde, atapendekera mbali imodzi.

"Alamu, imwani. Ntchito ya mwala uja yatha."

"Zikomo, mlamu. Ikani pamenepo."

"Ukupweteka?"

"Ukulemera chabe. Ndaziona wadya?"

"Wadya. Akufunsa za inu."

"Ndibwera madzulo."

Anabweradi madzulo, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo anakhala ndi mwana wawo mpaka anagona tulo. Patapita masiku Mnthengu anadzera kwawo kukatenga chikho chija, poti a Kakowa ankachifuna. Anachipeza pomwe anachiika, chili chodzaza.